Kudetsa mbiya ndi utsi monga amachitira a Pueblo

Mbiya zakuda bii za ku San Ildefonso ndi Santa Clara, midzi ya a Pueblo (eni nthaka a ku New Mexico, ku America), sazipaka utoto. Chimazidetsa ndi utsi. Maria Martinez ndi amuna awo a Julian adatchuka nazo kuyambira cha m'ma 1920, pojambula maluwa akuda osawala pa mbiya yakuda yonyezimira. Woumba wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje angathe, pakuti ndowe zofukizira utsiwo kuno sizisowa.

Kwawoko dongo amalisakaniza ndi phulusa la mapiri ophulika. Kuno sinjani mapale akale, musefe, muthire mbale imodzi pa mbale zitatu za dongo. Makande okha ayi, amang'aluka pouma. Umbani posanjikiza mizere ya dongo, mupale ndi chidutswa cha chikho, muumitse pamthunzi. Dzuwa la kuchigwa kuno ndi laukali, limaumitsa kunja m'kati mukadali chinyezi.

Ntchito yeniyeni ili pokulungiza. Sungunulani katondo wosefa akhale ngati phala lamadzimadzi, mupake kanayi kapena kasanu, ndipo asanaume kwenikweni yambani kukhuta ndi nkhulungo. Osapumira pakati. Pomwe pauma nkhulungo isanafike sipawalanso, ndipo mukakanikiza kwambiri katondo amasupuka. Maluwa mulembe pambuyo ndi dongo losungunula. Mpamene padzatuluke posawala paja.

Otchani m'mamawa kusanayambe mphepo. Vundikirani mbiya pa zitsulo, nkhuni pansi, muzitchinge ndi malata kuti moto usazikhudze, kunja muyale ndowe zouma. Mbiya zikafiira ngati makala, kwirirani mulu wonse msanga ndi ndowe zouma zosinja, pamwamba phulusa. A Pueblo amathira ndowe za akavalo. Mankhusu a mpunga nawonso amagwira. Moto ukasowa mpweya umafuka, utsiwo nkulowa m'dongo. Dikirani ola limodzi kapena kupitirira musanafukule.

Chigamba chofiira ndiye kuti penapake panalowa mpweya, kapena mwafukula mbiya ikadali yotentha kwambiri. Moto ukanyanya, kuwala kumazilala. Yophulika inali isanaume.

Mbiya yotereyi imapsa ndi moto wochepa, choncho imamwa madzi. Ndi yokongoletsera m'nyumba kapena kugulitsa. Musaphikiremo, ndipo musaiyese mtsuko: madzi amawononga kunyezimira konse kuja.