Kuulutsa kahelikopita ka rimoti koyamba

Kwa amene mwagula kahelikopita ngati Syma S107 ndipo mukufunsa poyambira.

Zofunika: kahelikopita kotchaja, mabatire a AA a rimoti, chipinda chachikulu. Tsekani mawindo, zimitsani fani. Panja ayi, kamphepo kamakakokolola ndipo dzuwa limasokoneza rimoti.

1. Kaikeni pansi, mchira uloze kwa inu.
2. Kandodo kakumanzere ka pa rimoti kakhale pansi musanayatse.
3. Kankhani kandodoko pang'onopang'ono mpaka kahelikopita kafike m'chiuno.
4. Kakamazungulira kokha, potozani batani la trim (lowongolera kahelikopita, lili pa rimoti) mpaka kakhazikike.
5. Ambiri amalakwitsa potera. Kakayandikira denga amachita mantha n'kusiyiratu kandodo, kenako phi! pansi, mapiko kuthyoka. Tsitsani pang'onopang'ono.
6. Batire ya kahelikopita imatha mphindi 10 zisanakwane. Idikireni izizire musanatchajenso.