Kuika batire lachiwiri pa pikapu, filiji izigwira usiku onse koma galimoto ilire mmawa

Ine ndili ndi Hilux D4D ya 2010 ndipo pafupifupi mwezi uliwonse ndimatsika ku Mangochi kudzera ku Golomoti kukatenga chambo ndi kampango wa ma oda a makasitomala ku Lilongwe kuno. Nditagula filiji ya mgalimoto ndinkangoyibaya pa soketi ya laitala basi, tsiku lina mu October ndinagona kunyanja filiji ili on usiku onse poti nsomba zinali zitalowa kale, mmawa kupotokola kiyi kunangomveka kuti tche tche tche, sitata osatembenuka olo pang'ono. Galimoto ya dizilo ili pa mchenga simungaikankhe mwachibwana, tinavutika ndi anyamata a padoko mpaka dzuwa kukwera, nsomba zikufunda mtima uli mmwamba. Nditabwerera ndinaika batire lachiwiri, ndiye poti ambiri mumafunsa ndati ndifotokoze mmene ndinachitira, kaya inu mukufunira filiji, kaya masipika a pa chinkhoswe, kaya magetsi ogulitsira malonda usiku, njira yake ndi yomweyi.

Mfundo yake ndi imodzi: batire lolizira injini lisamagwire ntchito ina iliyonse galimoto ikazima. Injini ikamalira alternator izitchaja mabatire onse awiri, mukangozimitsa awiriwa alekane, filiji idye lakumbuyo lokha mpaka kaya lithe koma lakutsogolo lili chidzadzire. Ndiye amene amakuuzani kuti ingolumikizani mabatire awiri ndi waya pozitivu ku pozitivu basi akukunamizani, amenewo amathera limodzi ngati madzi a mmigolo iwiri yolumikizana pansi, mmawa mudzakankhabe.

Musanagule kalikonse tengani multimeter, kachipangizo koyezera voteji, muyeze galimoto yanu. Injini ili chizimire batire labwino lodzadza limawerenga 12.6 kapena 12.7V. Lizani injini, muyende kaye mphindi 20 itenthe bwino, kenako yezaninso ikulira. Ikamakhala pakati pa 13.8 ndi 14.4V osasunthasuntha ndiye kuti alternator yanu ndi ya chikale ija ndipo relay yotchipa ija amati VSR ikugwirirani ntchito. VSR ndi kabokosi kongoyang'ana voteji, ikakwera kufika cha mma 13.3 kamalumikiza mabatire, ikatsika cha mma 12.8 kamadula, zambiri zimalembedwa 140A. Koma mukaona voteji ikutsika mpaka 13 kapena kuchepera apo injini ikulira, nthawi zina nkukweranso yokha, imeneyo ndi smart alternator, magalimoto ambiri atsopano ali nayo monga Ford Ranger zoyambira cha mu 2012, kompyuta imaichepetsa mphamvu kuti isunge mafuta. Pa zoterezi VSR imangodula ndi kulumikiza mosokonekera ndipo batire lakumbuyo silidzadza, apa mufunika DC-DC charger, iyi imatenga voteji iliyonse yomwe yabwera nkuikweza kufika pomwe batire lakumbuyo likufuna. Zodziwika ndi za Redarc, CTEK, Victron ndi National Luna ya ku South Africa, amene muli ndi abale ku Joni atumeni. Ndi yodulirapo zoona, koma ine ngakhale yanga ndi galimoto yakale ndinagulabe DC-DC ya 25A chifukwa batire ndinaliika kumbuyo kutali ndi injini, komanso zambiri zimakhala ndi polowetsera sola.

Pa batire lenileni musatenge lina la sitata ngati lakutsogolo lija. La sitata analipanga kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, mukamalimaliza usiku ndi usiku miyezi ingapo lafa. Funani la deep cycle, ngati aja a sola. Kukula kwake werengani chonchi: filiji yanga kompresa ikamalira imakoka 5A, kunyanja kukatentha imalira theka la nthawi, ndiye pa maola 12 a usiku ndi 30Ah (5A kuchulukitsa ndi maola 6 omwe yalira), tsiku lathunthu 60Ah. Batire la deep cycle lomata losathira madzi lija amati AGM, la 100Ah, musamalitsitse kupitirira theka, likafika 12.2V lili popuma ndiye kuti theka latha, ndiye kwenikweni muli ndi 50Ah yokha. Usiku umodzi likukwana bwinobwino, masiku awiri osaliza injini ai pokhapokha muonjezere sola ya 100 kapena 150W. La lithium lija amalemba LiFePO4 limakupatsani 80 pa 100 kapena kuposa ndipo ndi lopepuka, cha mma 12kg pomwe AGM imayandikira 30kg, koma limeneli limafuna DC-DC basi ndipo silikondana ndi kutentha, musaliike mu boneti. Ndipo batire lothira madzi lija musaliike mkati mokhala anthu kuseri kwa mpando, likamatchaja limatulutsa mpweya woyaka.

Tsopano waya, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse kwambiri chifukwa ntchito zambiri zimene ndaonapo zimaonongekera apa. Kuchoka ku boneti kukafika kumbuyo kwa double cab waya amadya mamita 6, kupita ndi kubwera 12. Pa 12V mphamvu imatayikira mnjira kwambiri waya akachepa. Pa 25A, waya wa 16mm² amataya cha mma 0.3V pa mtunda umenewu, wa 6mm² amataya pafupifupi 0.9V, wa 4mm² amene anthu amakonda poti ndi otchipa amataya 1.3V ndipo amafunda. Ganizani alternator yatulutsa 14V kumbuyo kwafika 12.7, batire limenelo lidzadza liti? Ndiye pa DC-DC ya 25A gulani 16mm², pa VSR gulani 25mm² kapena 35mm² chifukwa relay siichepetsa, batire likakhala lotheratu limakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi. Komanso samalani, kuli waya wina wa aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba, amaoneka bwino zedi koma ndi opepuka mmanja, palani ndi mpeni pa nsonga mukaona koyera mkati musiyeni. Ine ndinagula waya wa makina owotcherera zitsulo, ndi kopa weniweni, wofewa ndipo chikopa chake ncholimba.

Chachiwiri chomwe sindinyengerera ndi fyuzi. Waya ameneyu ali ndi batire mbali zonse ziwiri, ndiye fyuzi zikhale ziwiri, ina pafupi ndi pozitivu ya kutsogolo ina pafupi ndi pozitivu ya kumbuyo, iliyonse isatalikire masentimita 20 kuchoka pa mutu wa batire. Anthu amaika imodzi kutsogolo nkumati zatheka, koma waya akakhulika pa chasisi pakatikati, yakutsogolo iphulika inde koma batire lakumbuyo lipitiriza kuthira moto pa shoti paja mpaka waya kufiira, pansi pa galimoto pomwe pali mapaipi a dizilo. Galimoto imapsa yonse mukuona. Pa DC-DC ya 25A ikani za 40A, pa VSR ndi waya wa 25mm² ikani za 100A, zikhale zomanga ndi mabauti zija amati MIDI kapena ANL osati tomangobaya tija. Fyuzi imateteza waya, ndiye isakule kuposa mphamvu ya waya, ndipo ikaphulika chonde osamangapo kawaya ngati mmene timachitira mnyumba, funani chomwe chaiphulitsa.

Poyamba ntchito vulani mphete ndi wotchi, sipanala ikagunda pozitivu ndi bodi nthawi imodzi mphete imafiira pa chala pompo. Masulani negativu ya batire lakutsogolo kaye, iyi imachoka koyamba nkubwerera pomaliza. Ngati wailesi yanu ndi yofuna kodi onetsetsani kuti muli nayo musanamasule.

Kenako mangani batire lakumbuyo. Ine ndinaliika mu bokosi la pulasitiki pa kona ya kutsogolo mu bodi, kuseri kwa cab komwe sikudumpha kwambiri ngati kumchira, ndinaboola pansi nkumanga ndi mabauti ndi mawashala akuluakulu, musanaboole suzumirani pansi kuti simukulunjika thanki. Lamba yekha sakwana, chinthu cha 30kg pa mabampu a msewu wafumbi chimadula lamba nkuyamba kuyendayenda. DC-DC imangidwe pafupi ndi batire lakumbuyo, osapitirira mita imodzi, podutsa mphepo poti imatentha ikamagwira ntchito. Ngati mwasankha VSR imeneyo imakhala ku boneti pafupi ndi batire lakutsogolo.

Kuyendetsa waya ndi ntchito yofuna kudekha, ine inandidyera theka la tsiku ndili chigonere pansi pa galimoto. Mulowetseni kaye mu kapaipi kapulasitiki kong'ambika pambali kaja, kenako mutsike naye kuchoka ku boneti nkutsata chasisi mbali yomwe kulibe ekizozi, mummange ndi ma cable tie pa masentimita 30 aliwonse, kumtunda kwa chasisi komwe miyala ndi zitsa sizifika. Asagunde propshaft, masipuling'i, chiwongolero kapena chilichonse choyenda, ndipo musammangirire ku mapaipi a buleki. Paliponse pomwe akudutsa pa bowo la chitsulo ikani labala, bowo lopanda labala ndi mpeni, limadya waya pang'onopang'ono inu osadziwa. Pokwera kuchoka ku chasisi kulowa mu bodi musiyeni wolendewera pang'ono chifukwa bodi ndi chasisi zimagwedezeka mosiyana, mukamukoka kuti nga adzaduka. Ngati mumatsitsa bokosi la batire nthawi zina kuti munyamule matumba a chimanga kapena njerwa, ikani pulagi yolimba ija amati Anderson plug pamenepo muzingozula, pa DC-DC ya 50A ikwana.

Za negativu ambiri amangomanga pa bodi ya kumbuyo pomwe pali pafupi, koma bodi ija ili ndi penti ndi dzimbiri pomwe yakhalira pa chasisi, magetsi sadutsa bwino. Ine ndinakoka waya wachiwiri wakuda wofanana kukula ndi wofiira mpaka kutsogolo. Ngati ndalama yavuta mangani pa chasisi penipeni, mupale ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mumange kenako mupake girizi pamwamba. Inu a smart alternator tamverani apa: pa mutu wa negativu wa batire lakutsogolo pamakhala kasensa, waya wanu asamangidwe pa mutu penipeni, mangani pa bauti ya bodi pomwe waya wa negativu wa galimoto wathera, apo ayi kompyuta iziwerenga zolakwika. Ma DC-DC ena amafunanso kawaya kakang'ono kochokera ku ignition kuti adziwe zoti injini yalira, onani pa kabuku kake.

Nsonga za mawaya zonse zikhale ndi ma lug, timitu ta kopa tokhala ndi bowo la bauti, ofinyidwa ndi chofinyira chenicheni chija amati crimper, osati kuphwanya ndi hamala pa mwala kapena kungopota waya pa bauti. Ngati mulibe pitani nawo mawaya kwa amagetsi a galimoto akufinyireni, kenako kachubu kofota ndi moto kaja amati heat shrink pamwamba. Mukafinya kokani ndi mphamvu, ikasuntha yambiraninso, polumikiza pogwedera pamatentha ndipo ndi pomwe moto umayambira. Kuchoka pa batire lakumbuyo ikani kabokosi ka mafyuzi ang'onoang'ono, filiji yake ya 15A pa waya wa 4 kapena 6mm², magetsi yake, zotchajira mafoni yake. Soketi ya laitala ya filiji ichotseni, imazuka yokha pa mabampu mumadzazindikira nsomba zitafunda, ikani Anderson kapena pulagi yokhoma. Amene mukufuna inveta ya masipika, imeneyo ipite pa batire mwachindunji ndi waya wakewake wamfupi wonenepa ndi fyuzi yake, inveta ya 1000W imakoka pafupifupi 100A, sizodutsitsa mkabokosi kaja.

Mukamaliza yenderani njira yonse ya waya ndi maso ndi dzanja, kenako lowetsani fyuzi zikuluzikulu, negativu zonse mumange pomalizira. Yezani voteji injini isanalire, mabatire awiriwa aziwerenga mosiyana pang'ono, yatsani filiji muone kuti lakutsogolo silikusuntha. Lizani injini, dikirani kamphindi, lakumbuyo liyambe kukwera pang'onopang'ono kulowera ku 14.4V ngati ndi AGM pa DC-DC, pa VSR mumva kuti thwa kenako onse awiri ayandikana. Isiyeni ilire mphindi 15 mugwire ma lug ndi mafyuzi onse, pakhale pozizira kapena pofunda pang'ono, potentha pali vuto. Zimitsani, pakapita kanthawi alekanenso. Kenako chitani mayeso enieni pakhomo pomwe, filiji igone ili on usiku onse mmawa mulize galimoto, osakayesera kunyanja.

Ine ndinaonjezera kavoltmeter kakang'ono pa bokosi, ndikaona 12.2 ndimailiza injini kapena kutulutsa sola, ndipo ulendo wochoka ku Mangochi kufika ku Lilongwe umabwezeretsa zomwe filiji yadya usiku. Pakatha sabata ziwiri mukuyenda lowaninso pansi mumangitse mabauti onse ndi kuona ngati waya sakukhula penapake, makamaka paja akukwerera mu bodi, ndipo muzibwereza zimenezi nthawi iliyonse mukamasintha oilo.