Kuphunzira surf (masewera oima pa bolodi nkumatengedwa ndi mafunde) koyamba muli pa holide kunyanja

Musangobwereka bolodi nkulowa mmadzi nokha ayi, pezani mphunzitsi. Pemphani bolodi ya foam, yaitali komanso yotakata, imeneyo siyivuta kuimapo ndipo ikakumenyani siyipweteka kwambiri. Chingwe chake mumange pa kakolo wa mwendo umene umakhala kumbuyo mukaima pa bolodi.

Muyambira pamchenga, kugona chafufumimba, kukankha ndi manja nkudzuka kamodzinkamodzi, mubwereze mpaka thupi lizolowere. Mmadzimo khalani pofika mchiuno pomwe mafunde asweka kale. Maso kutsogolo osati kumapazi, mawondo opinda. Mukagwa phimbani mutu ndi manja.

Koma chomwe ndimaopa ine ndi rip current, madzi aja okokera kwakuya. Akakukokani osalimbana nawo mungatope, sambirani chammbali motsata gombe ndipo kwezani dzanja kuti akuwoneni.