Nyama ya ng'ombe ndi bowa watsabola mwa chiKorea, koma pa mbaula ya kwathu

Mvula ikangogwa bowa amadzadza pa msika wa Mangochi, ndelema, manyame, utale, ndiye tonse timangodziwa njira imodzi, tomato ndi anyezi kapena kutendera basi. Lero tiyeseko ina. Ku Korea kuli ndiwo amati beoseot jeongol, beoseot ndi bowa, jeongol ndi ndiwo zamsuzi zomwe amaphika mu poto wotambalala wosazama, pa tebulo pomwepo anthu akudya zikubwata. Ife tiika pa mbaula pakhonde, palibe chalakwika.

Choyamba tigwirizane, tomato musathiremo. Ndikudziwa dzanja liziyabwa koma ayi, kufiira kwake kumachokera ku tsabola.

Yambani ndi msuzi, ndipo apa ndi pomwe ife a kunyanja tawina. Anzathuwo amawiritsa tinsomba touma amati myeolchi pamodzi ndi ndere za m'nyanja yamchere, dasima. Tinsombato ndi ngati usipa wathu womwewu. Tengani usipa wouma wokwana 15 kapena 20, chotsani mitu ndi zam'mimba chifukwa ndi zomwe zimawawitsa, muukazinge pang'ono mu poto wopanda mafuta kuti fungo la nsomba lichepe, kenako thirani madzi makapu 5 ndi anyezi mmodzi wodula pakati, ziwire mphindi 15 osavindikira, musefe. Usipawo wagwira ntchito yake, ana adyere nsima, ife tikufuna madziwo.

Nyama hafu kilo ikukwana anthu anayi. Iduleni mopyapyala kwambiri ngati pepala, osati zibuma zathu za pa ukwati zija. Magetsi akakhalapo ikani mu filiza kwa mphindi 30 ilimbe pang'ono, mpeni umadula bwino. Muisakanize ndi soya sosi masupuni awiri, shuga supuni imodzi, adyo wosinja ndi mafuta a chitowe supuni imodzi, ikhale kaye. Ena kumeneko amathiramo vinyo wa mpunga, musavutike naye, kuno makomo ambiri ndi a halaal ndipo sizisintha kwambiri. Mafuta a chitowe akasowa kazingani chitowe chomwecho musinje mu kamtondo, fungo lake ndi lomwe likufunika.

Tsopano tsabola, apa mumvetsetse bwino. Iwo amagwiritsa gochugaru, tsabola wofiira wouma wopera, ndi gochujang, phala la tsabola losasitsa lomwe muli soya, mpunga ndi mchere. Gochugaru sawawa kwambiri, amathira masupuni awiri atatu osaopa. Inuyo mukati muthire kambuzi masupuni awiri, ndi kutentha kwa Mangochi kuno, mudzalira ndithu, alendo adzathawira ku Shire. Chitani chonchi, papurika masupuni awiri kuti zifiire, kambuzi mmodzi kapena awiri osinja kuti ziwawe, adyo, soya sosi supuni imodzi, kashuga pang'ono, musungunule ndi msuzi wa usipa uja. Sizifanana ndendende ndi gochujang koma zikoma. Amene muli ndi abale ku Blantyre kapena Lilongwe muwatume akayang'ane m'mashopu ogulitsa zakudya za ku Asia.

Bowa gulani kwa amayi omwe amamudziwa, ndipo inunso mukhale mukumudziwa mtundu wake, wokayikitsa musiyeni, bowa wapoizoni amapha ndipo kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo. Wa kutchireyu mutsukeni bwinobwino mchenga uchoke, mumuwiritse kaye payekha mpaka afewe. Wa oyisitala wolimidwa uja ndi wosavuta, kungong'amba ndi manja. Mukasakaniza mitundu iwiri itatu ndiye bwino kwambiri.

Kuyala mu poto kwake nkosangalatsa. Pansi chainizi wodula ndi anyezi, pamwamba bowa mozungulira mtundu ndi mtundu, karoti, masamba a anyezi, nyama pakati, tsabola uja pamwamba pa nyama. Thirani msuzi cha m'mbali kuti zisabalalike, usamize zonse ayi. Makala akhale oyaka bwino, zikabwata balalitsani nyama ndi tsabola, mphindi 10 mpaka 15 zapsa chifukwa nyamayo ndi yopyapyala. Lawani musanathire mchere, soya sosi ndi usipa ali kale ndi mchere wawo.

Dyerani mpunga wa kilombero wophika opanda mafuta, nsima ndinayesapo koma msuzi wake ndi wamadzi, sugwira pa mbamu. Zam'kati zikatha poto musatsuke msanga, ku Korea kamsuzi kotsalako amathiramo mpunga wotsala nkukazinga mpaka upserere pansi, kwathu kuno amalimbirana zimenezo ndi masupuni.