Anthu akamangotulutsidwa mu pulogalamu ya PHP

Anthu akamadandaula kuti angolowa kumene koma pulogalamu ikuwafunsanso pasiwedi, musathamangire kusintha khodi. Yambani mwatsegula DevTools (zida zofufuzira masamba) mu Chrome, muyang'ane cookie ya PHPSESSID (kachizindikiro komwe PHP imasiya mu Chrome kuti izimuzindikira munthu amene walowa) kwinaku mukudina masamba atatu kapena anayi. Nambala yake ikamasintha pa tsamba lililonse, ndiye kuti cookie sikubwerera ku seva. Mwina maulalo ena ali ndi www pomwe ena alibe, kapena cookie ili ndi Secure (lamulo loti iziyenda pa https pokha) koma tsamba likutseguka pa http.

Nambala ikakhala yomweyo, vuto lili ku seva. Chomwe chimazunguza ambiri ndi maseva awiri kuseri kwa load balancer (chogawira alendo ku masevawo). PHP imasunga session (zokumbukira za munthu amene walowa) mu fayilo pa disiki ya seva yomwe munthu wafikira koyamba. Akaponyedwa ku inayo, fayiloyo kulibe. Sticky sessions (kumubweza munthu ku seva yomweyo nthawi zonse) ndi chigamba chabe, seva ikazima zonse zapita. Bola Redis, pulogalamu yomwe ingasunge ma session onse pamalo amodzi: ikani phpredis (cholumikiza PHP ndi Redis) pa maseva onse, session.save_handler ikhale redis, session.save_path iloze malo amodzi.

Muonenso session.gc_maxlifetime, nthawi yomwe session yosagwiritsidwa ntchito imakhala isanafufutidwe. Imabwera ili pa masekondi 1440, mphindi 24 zokha. Pa Ubuntu ndi Debian chotsuka mafayilo akale chimawerenga php.ini (fayilo ya makonzedwe a PHP), choncho kusintha nthawiyi ndi ini_set m'khodi sikuthandiza. Sinthani mu php.ini momwemo, kenako yambitsaninso PHP-FPM, pulogalamu yoyendetsa PHP pa seva.