Momwe mungachitire kuti mukhale namwino wa digiri: kuchokera ku Fomu 3 mpaka kulembedwa m'kaundula

Ana ambiri a kuno ku Dedza amene amafuna unamwino mwayi umawapulumuka akadali Fomu 3, mayeso a MSCE asanayandikire n'komwe. Apa mpamene mwana amasankha maphunziro, ndipo akangosiya Physics kapena Chemistry chifukwa anzake amuopseza kuti n'zovuta, khomo la digiri ya unamwino limakhala latsekeka iye osadziwa. Choncho poyambira penipeni ndi pamenepo: gwiritsitsani Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Mayunivesite aboma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, kutanthauza giredi ya pakati pa 1 ndi 6, koma kirediti yokha sikwanira chifukwa ofuna malo ndi ochuluka. Mapointi akachepa mpamene mwayi umakula.

Wophunzira wa pa Dedza Secondary kapena Umbwi ali ndi poyambira pabwino kusiyana ndi mnzake wa pa CDSS yopanda labotale, izi n'zoona ndipo zimandipweteka. Komabe ngati muli pa sukulu yotere, musadikire chifundo. Pemphani aphunzitsi akulumikizeni ndi sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi zipangizo, sonkhanitsani mapepala a mayeso akale a MANEB, ndipo muziwerenga pagulu. Makolo nanu, mwana wamkazi amene akukonzekera mayeso amenewa mupeputsireni ntchito za pakhomo, makamaka nyengo yokumba mbatatesi.

Zotsatira zikatuluka, tcherani khutu ku chilengezo cha National Council for Higher Education, bungwe limene limayendetsa kafunsidwe ka malo m'mayunivesite aboma. Werengani chilengezocho mzere ndi mzere, chifukwa zofunika pa pulogalamu iliyonse zimalembedwa momwemo ndipo zimatha kusintha chaka ndi chaka. Digiri ya unamwino ndi uzamba imapezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Koleji ya unamwinoyo inatsegulidwa mu 1979 ndipo inali ndi nthambi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mzuzu University nayo imaphunzitsa digiri yomweyi. Musalembe malo amodzi okha poti Lilongwe ndi pafupi ndi kwanu. Mzuzu ndi kutali, inde, koma munthu wokulira m'chisanu cha Bembeke sangavutike kumeneko.

Ngati mapointi sanakufikitseni ku yunivesite, njira ina ilipo. Malawi College of Health Sciences komanso makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, monga Nkhoma amene ali pafupi nafe, Ekwendeni, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe ndi St Luke's ku Zomba, amaphunzitsa unamwino ndi uzamba wa zaka zitatu. Ambiri ayambira kumeneko, n'kugwira ntchito zaka zingapo, kenako n'kukawonjezera maphunziro mpaka digiri. Chokhacho, musanapereke ndalama ku sukulu iliyonse, funsani ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Pepala lochokera ku sukulu yosavomerezeka silingakulowetseni m'wodi.

Dzina likatuluka, funsirani ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board nthawi yomwe alengeza, ndipo konzani zikalata zonse msanga. Ngongoleyo siyilipira chilichonse, ndiye banja likhale pansi n'kuwerengera yunifomu, nsapato zotseka, wotchi yowerengera kugunda kwa mtima, lendi ndi thiransipoti ya kumalo ophunzirira ntchito. Muonetsetsenso kuti sukulu yakulembetsani ku khonsolo ya anamwino ngati wophunzira.

Maphunziro a digiri ndi a zaka zinayi. Poyamba mumakhala kwambiri m'kalasi ndi m'chipinda chophunzirira pa zidole, kuphunzira kapangidwe ka thupi, tizilombo toyambitsa matenda ndi kagwiridwe ntchito ka mankhwala. Kenako amakutumizani m'mawodi, ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, ku zipatala za m'maboma, ndiponso ku Zomba Mental Hospital pa za matenda a maganizo. Kumeneku n'kumene namwino amaumbidwa. Mudzapatsidwa buku lolembamo ntchito iliyonse imene mwagwira, ndipo namwino wokuyang'anirani amasainira. Chonde musapemphe siginecha pa ntchito imene simunaigwire ndi manja anu. Tsiku lina mudzakhala nokha usiku pa chipatala chaching'ono ngati Lobi, Mayani kapena Golomoti, mayi akutaya magazi atangobereka, ambulansi ili kutali. Panthawiyo chofunika ndi chakuti manja anu adziwe kuika diripi, kusisita chiberekero ndi kubaya oxytocin, mankhwala oletsa kutaya magaziwo, mosachedwa.

Fikani m'wodi nthawi isanakwane kuti mumve ripoti la ogwira usiku. Lembani zonse zimene mwayeza nthawi yomweyo, osati madzulo mukukumbukira za m'mutu. M'chipinda chochirira, tchati choyang'anira matenda a mayi chizidzazidwa matendawo ali mkati, chifukwa ndi chimene chimakuuzani kuti mwana wachedwa kutsika ndipo mayi atumizidwe ku chipatala chachikulu. Ngati simukudziwa mlingo wa mankhwala, funsani sisitala ngakhale akhale wotopa. Ndipo wodwala muzimuitana mwaulemu, amayi, abambo, agogo, osati ndi nambala ya bedi. Musanamugwire, muuzeni chimene mukufuna kuchita. Anthu athu ambiri amathawa chipatala chifukwa cha kalankhulidwe, osati jekeseni.

Gawo limene ophunzira ena amalipeputsa, pamene kwa ine ndi mtima wa maphunzirowa, ndi la zaumoyo wa m'midzi. Amakupatsani dera kuti mulidziwe bwino, mupeze mavuto ake a zaumoyo, ndipo mugwire ntchito limodzi ndi eni dera. Musalowe m'mudzi ngati mphepo. Yambirani ku chipatala cha deralo, mupeze mlangizi wa zaumoyo, iyeyo akuperekezeni kwa a gulupu ndi a nyakwawa. Mlangiziyo amadziwa khomo limene lili ndi mayi woyembekezera, mjigo umene unafa, ndi banja limene limakana katemera. Mulemekezeni ngati mphunzitsi wanu, ngakhale inu mukuchokera ku yunivesite. Ngati m'mudzi muli maliro kapena mwambo wa gule, dikirani tsiku lina.

Mukaloledwa, yendani khomo ndi khomo. Onani komwe anthu amatunga madzi, ngati chimbudzi chili ndi chivindikiro ndi mpondagiya, ngati masikito akugwiritsidwa ntchito pogona. Pemphani kuona mabuku a sikelo a ana. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu muyezeni kukula kwa mkono ndi katepi koyezera kunyentchera. Akapezeka pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse atatupa, ndiye kuti wanyentchera kwambiri ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze n'kumuyambitsa chithandizo monga chiponde. Kumbukiraninso kuti Dedza si imodzi. Kumtunda kozizira mavuto ake ndi ena, pamene kumunsi kwa Mtakataka ndi Golomoti, kufupi ndi nyanja, malungo ndi likodzo zimavuta kwambiri. M'malire namonso mumabwera abale athu a ku Mozambique odzafuna chithandizo, ndipo matenda opatsirana sayang'ana malire. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unaonetsa kuti kolorini wa pa chitsime ndi kusamba m'manja zimapulumutsa anthu asanafike pa bedi la chipatala.

Zimene mwapeza musathawe nazo ku sukulu kukalembera ripoti lokha. Itanani msonkhano kudzera mwa mfumu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, muwauze m'Chichewa chomveka, ndipo iwo asankhe vuto loyambira. Chimbudzi chimene anthu agwirizana okha kukumba chimakhalitsa kuposa chimene mlendo walamula.

Chaka chomaliza mumaphunzira utsogoleri ndi kayendetsedwe ka wodi, komanso mumachita kafukufuku. Ena amaganiza kuti izi n'za ametironi, zodzafunika patsogolo. Ayi ndithu. Namwino wa digiri amatha kupatsidwa wodi kapena chipatala chaching'ono atangoyamba kumene ntchito. Choncho phunzirani kulemba ndandanda ya mashifiti mosakondera, kuitanitsa mankhwala asanathe, kusunga katemera m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndi kutumiza malipoti a mwezi ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Chovuta kwambiri ndi kutsogolera anthu aakulu kuposa inu, amene anayamba ntchito inu musanabadwe. Afunseni nzeru poyera, ndipo akalakwitsa muwadzudzule pambali. Koma pamene moyo wa wodwala uli pachiswe, lankhulani pomwepo, ngakhale amene walakwitsayo akhale dokotala.

Digiri ikatha, mutsala ndi mayeso a Nurses and Midwives Council. Popanda kukhoza mayesowa ndi kulembedwa m'kaundula, lamulo silikulolani kugwira ntchito ya unamwino, ndiye musataye zolemba zanu za chaka choyamba. Chiphaso chimene khonsoloyo imakupatsani chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo pamafunika umboni wakuti mukupitiriza kuphunzira. Ntchito ya boma siibwera msanga nthawi zonse. Podikira, funsirani ku zipatala za mishoni monga Mua ndi Nkhoma kapena ku mabungwe, ndipo sungani makope a satifiketi ya MSCE, digiri ndi chiphaso cha khonsolo pamalo amodzi kuti chilengezo cha ntchito chikatuluka mutumize kalata tsiku lomwelo.