Momwe mungachepetsere umbava m'dera lanu posintha maganizo a anthu

Wakuba asanathyole nyumba amayamba wadzifunsa ngati pali amene amuone, komanso ngati womuonayo angachitepo kanthu. Akaona kuti anthu a m'deralo ndi atcheru, amabwerera. Mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba sungamuopseze choncho pawokha.

Choyamba, dziwanani. Mu 1997 Robert Sampson ndi anzake atafufuza madera a mumzinda wa Chicago, ku America, anapeza kuti kumene anthu oyandikana amakhulupirirana, n'kumalowererapo zinthu zikamalakwika, chiwawa chimachepa. Choncho yendani khomo ndi khomo, osasiya ochita lendi, chifukwa ndiwo amaiwalika kawirikawiri. Tsegulani gulu la WhatsApp, muikemo amfumu ndi a komiti ya chitetezo.

Chachiwiri, samalani malo. Mu 2008 ku Groningen, m'dziko la Netherlands, Kees Keizer ndi anzake anakoleka timapepala pa njinga zoimikidwa m'kanjira kena. Khoma la pamalopo lili loyera, anthu 33 mwa 100 alionse anataya kapepalako pansi. Atalilembalemba ndi penti, otaya anafika 69. Munthu akaona kuti pamalo palibe wosamala, naye amatayirira. Tchetchani thengo la papuloti yosamangidwa, kumbani dzala la zinyalala, ndipo nyumba iliyonse isiye babu loyaka panja usiku, ngakhale la sola.

Chachitatu ndiye chovuta, koma kwa ine ndicho chofunika koposa: fikirani anyamata amene aliyense amawaloza chala. Ku Monrovia, likulu la Liberia, Chris Blattman ndi anzake anachita kafukufuku ndi amuna 999 a moyo wa mumsewu, ena akuba, ena ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Ena mwa iwo anaphunzitsidwa kwa milungu 8 kuugwira mtima, kuganiza asanachite kanthu, kukonzekera za mawa, ngakhalenso kudzisamalira pa kavalidwe, kenaka anapatsidwa madola 200 a ku America. Patapita zaka 10, amene analandira zonse ziwiri ankaba mocheperako pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi amene sanalandire kanthu. Ambiri mwa aphunzitsi awo anali anthu amene anadutsamo m'moyo womwewo.

Inunso funani munthu amene anasiya zauchigawenga ndipo anyamatawo amamumvera. Azikumana nawo kawirikawiri, osati kukawalalikira ayi, koma kuyeserera zochitika zenizeni. Wina wakutukwana padepoti anthu akuona: thupi likumva bwanji, uchita chiyani usanaponye chibakera? Wapeza ndalama yaganyu: ingati udya lero, ingati usunga? Mnyamata akayamba kusintha, mupatseni ntchito yooneka, monga kuyang'anira pampopi, ndipo muzimuitana dzina lake, osati "mbava ija". Munthu amene dera lonse lamutaya saona chifukwa chosiyira kuba.

Chachinayi, gwirizanani lero zimene mudzachite mukadzagwira wakuba. Chigulu chikapsa mtima aliyense amaona ngati mlandu si wake, ndipo ndi mmene anthu amafikira pootcha munthu ndi tayala ana akuonerera, nthawi zina wosalakwa n'komwe. Kumeneko n'kupha, ndipo ndi mlandu. Sankhani akuluakulu awiri kapena atatu olemekezeka oti azitchinjiriza wogwidwayo, wina aziimbira apolisi, ndipo nambala yakupolisi ikhale m'foni ya aliyense.